Mukamalumikiza maservice angapo, ikani kapitawo mmodzi

Anzanga olemba mapulogalamu kuno kuchigwa, ndikuuzeni chomwe chandithandiza. Ndimasamalira pulogalamu ya gulu lina la alimi a thonje cha ku Ngabu. Pulogalamuyi ili ndi zigawo zoima pazokha, zotchedwa maservice. Service imodzi imalemba makilogalamu a pasikelo, ina imadula ngongole ya mbewu ndi mankhwala, yachitatu imatumiza ndalama pafoni ya mlimi. Poyamba iliyonse inkangouza inzake kuti "ndamaliza, pitiriza". Tsiku lina netiweki itaduka, ngongole inadulidwa koma ndalama sizinafike, ndipo panalibe service yodziwa pomwe ntchito yaimira. Bambo wina anapalasa njinga kawiri padzuwa lathuli kudzafunsa ndalama zake, zinandipweteka mtima.

Ikani kapitawo mmodzi, pulogalamu yoyang'anira maservice onse, amene amatchedwa orchestrator. Iye yekha ndiye aziitana maservice motsatana, nkumalemba mu database, mosungira zolembedwa, gawo lomwe wafika asanapite pa lina. Gawo lililonse likhale ndi njira yobwezera: kulipira kukakanika, kapitawo abwezeretse ngongole momwe inalili. Njirayi imatchedwa saga, ndipo inafotokozedwa kale mu 1987.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri ndi ichi. Malonda aliwonse muwapatse nambala yawoyawo, ndipo service yolipira iziyang'ana kaye ngati nambalayo inalipidwa kale. Yankho likachedwa sindiye kuti ndalama sizinapite, choncho kapitawo afunse kaye asanabweze kapena kutumizanso. Magetsi akazima nkuyakanso, iye amawerenga pomwe analekezera nkupitiriza, ndipo palibe mlimi wolipidwa kawiri kapena woiwalidwa.