Ma vape otaya analetsedwa ku UK: umu ndi momwe mungasamukire ku pod yothira nokha

Ndiyambe ndi ichi kuti tisamvane molakwika abale anga. Ngati simusuta fodya ndipo vape simunayambe mwaigwirapo, nkhaniyi siyanu, musayambe ndithu. Nikotini akakugwirani sasiya msanga. Ndikulembera amene mukusuta kale ndudu kapena mwazolowera timavape totaya tija, makamaka anzanga amene tili kuno ku UK, komanso a ku Joni ndi akumudzi mutolapo kanthu.

Ine ndinakulira ku Kasungu, tikusoka burley m'chigafa manja ali bii ndi zomata zija zosachoka ndi sopo, ndiye fodya ndimamudziwa kuyambira ku nazale. Ndudu ndinayamba ndili mnyamata. Nditabwera kuno kudzagwira ntchito ya keya ndinapeza paketi imodzi ikupitirira mapaundi 13, komanso sungalowe kuchipinda kwa gogo amene ukumusamala uku yunifomu ikununkha fodya, ndiye ndinasinthira ku ma vape otaya, ma Elf Bar ndi ma Lost Mary aja olembedwa 600. Ndudu ndinasiyadi, chifuwa cham'mawa chinachepa, koma ndimataya kamodzi pafupifupi tsiku lililonse ndipo nikotini yemwe ndimakoka sanatsike olo pang'ono chifukwa pafupifupi timavape tonseto tinkabwera ndi nikotini wa mphamvu ya 20mg, ufune usafune.

Kuyambira pa 1 June 2025 kugulitsa ma vape otaya ndi mlandu ku England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland. Zifukwa zake ndi ziwiri, ana asukulu anali atalowerera kwambiri, komanso zinyalala. Bungwe la Material Focus linawerengera mu 2023 kuti pafupifupi ma vape 5 miliyoni amatayidwa sabata iliyonse, ndipo kalikonse kali ndi batire ya lithium mkati, yomwe ikaphwanyidwa mu lole ya zinyalala imabuka moto. Belgium inaletsa pa 1 January 2025, France nayo mu February chaka chomwecho. Ndiye ngati pali kashopu kena komwe akukutulutsirani zotaya kuchokera pansi pa kauntala, dziwani kuti ndi katundu wozembetsa ndipo palibe akudziwa zomwe zili mkatimo.

Choyamba: sankhani chida

Lamulo la kuno limati vape yololedwa ikhale yotheka kutchaja, yotheka kuthiramo likwidi (madzi a vape aja) kapena kusintha pod yake (kathanki kosungira likwidiyo), ndipo koyilo yake (kawaya kotenthetsa likwidi) izitheka kusinthidwa. Ndiye mukalowa mushopu mupeza mitundu iwiri. Pali zija zimabwera ndi pod yothira kale, ikatha mumagula pod ina. Zimafanana kwambiri ndi zotaya zija, makampani omwewo anangowonjezera potchajira, ndipo ndimaona anzanga akuzitaya zonse ndi batire yomwe ngati kale. Kenako pali pod yotsegula yomwe mumathira nokha kuchokera m'botolo, ndipo iyi ndi imene ndikulimbikitsa ine, chifukwa ndi yotchipa pakapita nthawi komanso mphamvu ya nikotini mumasankha ndinu.

Mayina omwe amapezeka paliponse ndi Vaporesso XROS, Uwell Caliburn, OXVA Xlim ndi Voopoo Argus. Sindikutsatsa malonda a aliyense, zonsezi zimagwira ntchito mofanana. Pomwe ndimagula ine zimayambira cha m'ma mapaundi 15 mpaka 25. Chofunika kuyang'ana si kukongola kwake ayi, funsani wogulitsayo kuti ma pod ake osinthira amakhala nawo nthawi zonse? Chida chabwino chopanda ma pod pafupi ndi kwanu chimangokhala mu dirowa. Potchajira pakhale USB-C ngati foni, batire ikhale cha m'ma 1000mAh kuti ikumalizitseni shifiti ya maola 12, ndipo ngati ili ndi kabatani kochepetsera mpweya ndi bwino kwambiri.

Chachiwiri: nambala ya koyilo

Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera. Mkati mwa pod muli kawaya kokutidwa ndi thonje, ndiye koyiloyo, kamatentha n'kusandutsa likwidi kukhala nthunzi. Pa paketi kapena pansi pa pod pamalembedwa nambala ngati 0.6, 0.8, 1.0 kapena 1.2 ohm. Nambala ikakhala yaikulu kukoka kwake kumakhala kothina ngati ndudu, nthunzi yochepa, batire ndi likwidi zimakhalitsa. Ikakhala yaing'ono imatentha kwambiri, nthunzi yambiri, likwidi imatha msanga. Amene mukuchokera ku zotaya yambani ndi 0.8 kapena 1.0, mumva ngati zomwe munazolowera. Ochokera ku ndudu 1.0 kapena 1.2. Ya 0.6 ndi 20mg pamodzi ndi yamphamvu zedi, mutha kumva chizungulire ndi nseru, ngati mmene zimakhalira munthu ukathyola fodya wonyowa ndi mame m'mawa wonse.

Chachitatu: likwidi

Pemphani likwidi ya mtundu wotchedwa nic salt, ya 50/50. Manambala awiriwo ndi msakanizo wa PG ndi VG, PG ndi yopyapyala ngati madzi ndipo imanyamula kakomedwe, VG ndi yolemerera ngati manyuchi ndipo ndi imene imapanga nthunzi. Pod ili ndi timabowo ting'onoting'ono ndiye likwidi yolemera ija ya 70/30 yomwe imabwera m'mabotolo akuluakulu siilowa bwino mu thonje, mapeto ake koyilo imapsa tsiku lomwelo.

Malamulo a kuno ndi osavuta kukumbukira ndipo amakuthandizani kuzindikira katundu wachinyengo. Botolo lokhala ndi nikotini lisapitirire 10ml, mphamvu isapitirire 20mg pa ml imodzi, pod isapitirire 2ml, chitsekero chikhale chovuta kuti mwana atsegule, ndipo wogula akhale wazaka 18 kupita mtsogolo. Mukaona botolo lolembedwa 50mg likugulitsidwa kuno, lisiyeni. Ku Joni ndi kumudzi zamphamvu choncho zimapezeka ndithu, ndipo ndikupempheni, musayambire pamenepo.

Ndipo chonde musathiremo china chilichonse chomwe sichinapangidwire vape. Mafuta ophikira, mafuta onunkhiritsa, mafuta a chamba ogula kwa munthu pa WhatsApp, ayi. Kuyambira mu 2019 kufika mu February 2020 ku America anthu pafupifupi 2,800 anagonekedwa m'chipatala mapapo atawonongeka ndipo 68 anamwalira, ambiri mwa iwo anakoka mafuta a chamba ogulidwa mwamseri omwe anasakanizidwa ndi vitamin E acetate. Mapapo salandira mafuta.

Chachinayi: kuthira, ndi kudikira

Chotsani pod pa batire, imangogwiridwa ndi maginito ndiye ingokokani. Ngati ndi yatsopano pansi pake pamakhala kapepala komata, matulani. Pothirira pamakhala m'mbali pomwe pali kalabala kofewa kotsegula ndi chikhadabo, kapena pamwamba mukathyolera kukamwa kwake kumbali. Mukatsegula pamwamba muona mabowo angapo, musathire la pakati, limenelo ndi njira ya mpweya ndipo likwidi ikalowa mmenemo muimwa mkamwa. Lowetsani kamlomo ka botolo, pendeketsani pang'ono, finyani mwapang'onopang'ono mpaka patsale kampata kakang'ono pamwamba, kenako tsekani mwamphamvu ndipo pukutani ndi tishu. Ikakudonthera m'manja sambani, nikotini amalowa ndi pakhungu pomwe.

Tsopano dikirani. Mphindi 10, pod ili chiimire. Ine tsiku loyamba ndinathira ndili pa bus stop cha m'ma 6 koloko m'mawa, kukuzizira, chilakolako chitandigwira, ndinangotseka n'kukoka pompo. Chomwe chinalowa kukhosi chinali ngati utsi wa sanza yopsa pambaula, ndinatsokomola mpaka misozi, ndipo pod yatsopanoyo inathera pomwepo chifukwa thonje likapsa louma silibwereranso, kakomedwe kopserera kamakhala mpaka kalekale olo muthire likwidi yanji. Mukayang'ana m'mbali mwa pod muona timadontho toyera ta thonje, tikada n'kuoneka tonyowa ndiye kuti yakonzeka. Kudikira kwa mphindi 10 ndi kwa pod yatsopano yokha, pothira kachiwiri miniti imodzi kapena ziwiri zikwana.

Chachisanu: kakokedwe

Ndudu timakoka mwamphamvu komanso mwachidule. Pod imafuna mofatsa, masekondi awiri kapena atatu, nthunzi iyambe yadzaza mkamwa kenako n'kupita nayo m'chifuwa. Mukakoka mwamphamvu mumayamwira likwidi mu njira ya mpweya ndipo imayamba kulira kuti gudugudu n'kumakuthimbirirani palilime. Zikatero chotsani pod, kutani pansi pake ndi tishu, uzirani pang'ono kukamwa kwake, pukutaninso pomwe imakhala pa batire. Pakati pa kukoka kumodzi ndi kwina siyani masekondi angapo kuti thonje limwenso, ndipo likwidi isatsike kupitirira timabowo ta thonje tija musanathirenso.

Chinthu china chomwe palibe amene anandiuza: ndudu imatha, umaponda chitsa n'kubwerera kuntchito, koma pod siitha. Utha kukhala nayo m'manja usiku wonse ukuonera mpira osazindikira kuti wakoka 2ml yonse. Ndiye dziikireni nthawi ngati mmene munkachitira ndi ndudu, tulukani panja, kokani, ibwezeni m'chikwama.

Kusamala chida ndi zosavuta. Pod imodzi imakhala sabata imodzi kapena awiri, likwidi yotsekemera kwambiri imaipha msanga, ndipo mudziwa kuti yatopa kakomedwe kakayamba kuzilala, likwidi ikamada mkati kapena ikayamba kudontha. Khalani ndi ina yapadera nthawi zonse, chifukwa tsiku lomwe pod yapsa muli pa shifiti ya usiku mulibe ina ndi tsiku lomwe mumakapempha ndudu kwa mnzanu. Tchajani muli maso, osati pansi pa pilo mukugona, ndipo batire ikatupa kapena ikamatentha mwachilendo isiyeni. Musaisiye mugalimoto padzuwa, a ku Lilongwe ndi ku Nsanje mu October mukudziwa kutentha ndikunenaku. Ikafa musaiponye mu bini wamba, mashopu ogulitsa ma vape kuno amayenera kulandira zakale.

Za ndalama

Kavape kotaya kanali ndi 2ml, ndiye botolo limodzi la 10ml ndi chimodzimodzi totaya tisanu. Ine totaya ndinkagula cha m'ma mapaundi 5 kamodzi, botolo ndimagula 3 kapena 4. Onjezanipo pod imodzi pa sabata, muona nokha kuti chida chija chimabweza ndalama yake mwezi usanathe, ndipo yotsalayo ndi thumba la feteleza kumudzi pakapita miyezi. Dziwaninso kuti boma la UK linaika msonkho wa mapaundi 2.20 pa 10ml iliyonse kuyambira pa 1 October 2026, kaya muli nikotini kaya mulibe. Ku South Africa msonkho wotere unayamba kale mu June 2023, unayambira pa R2.90 pa ml imodzi.

Popita kumudzi, vape ndi batire zake ziyende m'chikwama cham'manja, sizololedwa mu katundu wopita pansi pa ndege. Pod ikhale yopanda likwidi pokwera chifukwa mpweya ukasintha kumwamba imadontha. Ethiopia inaletsa kugulitsa ndi kulowetsa ma vape mu 2019, ndiye odzera ku Addis Ababa musamaionetse poyera, ndipo ma pod osinthira nyamulani okwana ulendo wonse.

Gawo lomwe ndalembera zonsezi: kutsitsa nikotini

NHS, nthambi ya boma yoona zaumoyo kuno ku UK, imanena poyera kuti vape ndi yochepa kuopsa poyerekeza ndi ndudu chifukwa mulibe phula ndi carbon monoxide zochokera ku fodya woyaka, koma imanenanso kuti si yopanda vuto, ndipo phindu lake limabwera mukasiyiratu ndudu, osati vape kuntchito ndudu kunyumba. Ku England kuli ma Stop Smoking Service aulere m'makhonsolo, ndipo mu 2023 boma linalengeza pulogalamu ya Swap to Stop yopereka zida zoyambira kwa osuta, funsani kwa dokotala wanu (GP) kapena ku famase yakwanuko ngati ikupezeka.

Ndi zotaya zija kutsika kunali kovuta, koma ndi botolo mumatsika ngati masitepe. Yambani ndi mphamvu yomwe ikukuletsani kulakalaka ndudu, kwa osuta kwambiri ndi 20mg, musachite manyazi nayo. Mukakhala miyezi iwiri kapena itatu osagwira ndudu gulani 10mg ya kakomedwe komweko. Ngati kudumphako kwakula, thirani theka la 20 ndi theka la 10 mu pod, mwapeza 15. Sabata yoyamba mukoka pafupipafupi, zimenezo n'zachibadwa, zimakhazikika. Mukaona kuti maganizo abwerera ku ndudu kwerani sitepe imodzi, ndi bwino kubwerera ku 20mg kusiyana ndi kubwerera ku paketi. Kuchoka pa 10 pali 5mg, kenako zopanda nikotini n'komwe.

Ine pano ndili pa 5mg. Botolo ndimasunga pamwamba pa kabati m'kabokosi kotseka, chifukwa mwana wa mchemwali wanga wazaka zitatu analipeza tsiku lina pa tebulo, likununkhira ngati switi ya mango, ali kalikiliki kulimbana ndi chitsekero ndi mano. Mwana akameza likwidi musadikire kuti muone ngati adwale, kuno imbani 111 kapena 999 ngati wayamba kusanza kapena kufooka, kumudzi thamangirani naye kuchipatala pompo mutanyamula botololo kuti adokotala awerenge mphamvu yake.