Mukatola makomiki akale kunja kuno, musakonze kanthu

Lamlungu lina m'mamawa ndinagula katoni ya makomiki pa car boot sale ina kunja kwa Leicester. Ndinalipira mapaundi asanu. Kwa inu amene simunafikeko, car boot sale ndi kaunjika wa azungu: munthu amatsegula kumbuyo kwa galimoto n'kuyala pansi zonse zimene zamukwana m'nyumba. Ine ndinkangofuna zoti ana aziwerenga. Koma pansi pa katoniyo panali Fantastic Four nambala 52 ya mu 1966, buku limene Black Panther anaonekeramo koyamba. Nditafufuza pa foni n'kuona mitengo yake, tulo sitinabwere.

Tsono apa ndi pamene chimalawi changa chinandipweteka. Ife tinakula tikukutira makope ndi khakhi, tikumata mabuku a sukulu ndi phala, tikusokerera nsapato mpaka yokha inene kuti basi. Chinthu chong'ambika sitimachionetsa kwa alendo. Chikuto cha bukulo chinali chakuda-kuda, ndipo pamsana pake panali timizere toyera pomwe inki inathetheka chifukwa chopindapinda. Ndinatenga maka yakuda ya mwana n'kudontheza patimizerepo. Pakona yomwe inkasenda ndinapaka guluu pang'ono. Linaoneka bwino zedi, ndipo ndinadziyamikira.

Wogulitsa makomiki yemwe ndinamupititsira sanachedwe nalo n'komwe. Anatsegula chikuto n'kuyang'ana mkati mwake, kumbuyo kwa msanawo, kenako anandilozera ndi chala timadontho tisanu ndi kamodzi takuda tomwe tinalowerera pepala mpaka kutulukira mbali inayo. Anandifunsa ngati ndikudziwa amene anachita zimenezi. Ndinati mwina mwiniwake wakale. Anangomwetulira, nati inkiyo ikununkhabe. Mtengo umene anatchula sunafike ndi theka lomwe la ndalama zomwe akanandipatsa ndikanalibweretsa lili ndi zipsera zake. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya la maka.

Choyamba dziwani chimene mwagwira

Ambiri a ife timakumana ndi mabuku amenewa pantchito: posesa nyumba ya nkhalamba imene yasamukira ku care home, pochotsa katundu m'siling'i, kapena bwana wa ku Randburg akamasamukira ku Australia n'kukuuzani kuti tengani zonse za m'galaja. Musanayambe kuwerengera ndalama, onetsetsani kuti katunduyo ndi wanudi. Ogwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain amaletsedwa kulandira mphatso zamtengo kwa anthu amene akuwasamalira, ndipo katundu wa womwalira ndi wa abale ake ngakhale atamuunjika pafupi ndi bini. Ngati mwapatsidwa, pemphani kauthenga ka pa WhatsApp konena kuti akupatsani. Tsiku limene adzamve mtengo wake, kauthengako kadzakuyankhulirani.

Ukale wokha si ndalama. Osonkhanitsa makomiki a ku America amawagawa m'nyengo: Golden Age kuyambira 1938 mpaka cha m'ma 1956, Silver Age mpaka cha m'ma 1970, ndi Bronze Age mpaka cha m'ma 1985. Mkati mwa nyengozi, ndalama zili pa nambala zochepa chabe zimene munthu wina wotchuka anaonekeramo koyamba. Action Comics nambala 1 ya mu 1938, momwe munayambira Superman, inkagulitsidwa masenti 10, koma kope lina linagulidwa madola 6 miliyoni ku Heritage Auctions mu 2024. Amazing Fantasy nambala 15 ya mu 1962, yoyamba ya Spider-Man, inafika madola 3.6 miliyoni mu 2021. Pomwe X-Men nambala 1 ya mu 1991 anaisindikiza makope opitirira 8 miliyoni, ndipo aliyense anaisunga mupulasitiki poganiza kuti adzalemera nayo. Lero ili mbwee, mwina mungagule nayo buledi. Makatoni ambiri amene mungatole ndi a mtundu umenewu, choncho mtima ukhale m'malo.

Tsegulani tsamba loyamba muwerenge timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi. Pamenepo ndi pamene pali dzina lenileni la bukulo, nambala, chaka ndi wosindikiza. Makomiki otchuka anawasindikizanso kambirimbiri. Mu 1974 a DC, kampani yosindikiza Superman, anatulutsanso Action Comics nambala 1 m'kope lalikulu kuposa loyambalo, ndipo anthu akhala akupusitsidwa nalo akalichotsa chikuto chakunja. Za Marvel UK za mlungu ndi mlungu, zomwe zinayamba mu 1972, zambiri ndi nkhani za ku America zongobwereza. Chimodzimodzinso Supercomix za ku South Africa. Zili ndi ozikonda ake, koma si za mamiliyoni.

Amene muli ku Britain muyang'anenso mtengo wa pachikuto. Mukaona 9d kapena 10d (mapeni akale a ku Britain) yosindikizidwa m'malo mwa masenti, limenelo si kope lobwereza ayi. Linasindikizidwa ku America komweko limodzi ndi anzake, kungoti linali lopita ku msika wa ku Britain. Langa lija ndi la 10d. Nthawi zambiri amagulidwa motsikirapo poyerekeza ndi a masenti, komabe ndi enieni, ndiye wina asakunamizeni kuti ndi feki. A ku Britain eni ake, monga The Dandy ya mu 1937, The Beano ya mu 1938 kapena 2000 AD ya mu 1977, ali ndi kanthu kawo: nambala zoyamba zinkabwera ndi kamphatso, ndipo buku limene kamphatso kake kalipobe limakwera mtengo kwambiri. Kachidole kapulasitiki kamene mwapeza pansi pa katoni musakataye.

Giredi ndi mtundu wa lebulo

Kampani yoyeza makomiki imene msika umaikhulupirira kwambiri ndi CGC ya ku Sarasota, Florida, yomwe inayamba mu 2000. Ina ndi CBCS, yomwe inayamba mu 2014. Amaliunika bukulo, n'kulipatsa giredi kuyambira 0.5 mpaka 10, kenako amalitsekera m'bokosi la pulasitiki lolimba lomwe anthu amalitchula kuti slab. Buku la 2.0 ndi lotopa koma lathunthu, la 6.0 ndi lowerengedwa mosamala, la 9.4 likuoneka ngati latsopano. Amaona makona, msana, dzimbiri pa timawaya tomangira, ndi mtundu wa pepala, kuyambira loyera mpaka lofiirira lomwe limathetheka ukaligwira. Kumtunda kwa sikeloyi, kusiyana kwa 9.4 ndi 9.6 kukhoza kukhala ndalama zogulira nyumba.

Koma nambala si imene wogula amayamba kuona. Amayamba ndi mtundu wa lebulo imene a CGC amaika pa slab. Ya buluu ikutanthauza kuti bukulo silinakonzedwe. Yobiriwira ikutanthauza kuti pali vuto limodzi lalikulu lofunika kulitchula padera. Chitsanzo chodziwika ndi Incredible Hulk nambala 181 ya mu 1974, ya Wolverine, yomwe mkati mwake munali kasitampa kamene ana ankadula ndi sizasi. Choncho werengani masamba onse, ndipo onani ngati tsamba la pakatikati lilipo. Ya pepo ndiye ya mabuku okonzedwa, ndipo osonkhanitsa anaipatsa dzina lonyoza lakuti PLOD, kutanthauza lebulo ya imfa. Giredi ya pa lebulo ya pepo imalembedwa kuti Apparent, kunena kuti likungooneka ngati 7.0 koma si 7.0 yobadwa nayo.

Zimene zimabweretsa pepo ndi zomwe manja athu amathamangira: kupaka utoto pomwe inki yachoka, guluu pamsana, kuwonjezera kapepala pomwe panabenthuka, kutsuka chikuto ndi madzi kapena mankhwala, kupaka zowalitsa. Kuyambira mu 2014 a CGC amalemba chilembo ndi nambala. Chilembo A, B kapena C chimanena luso la wokonzayo, A kukhala katswiri, C kukhala anthu ngati ine. Nambala 1 mpaka 5 imanena kuchuluka kwa ntchitoyo. Timadontho tanga tija ndi C-1: pang'ono, koma mwachisawawa.

Choipitsitsa ndi kudula m'mphepete ndi lezala kuti masamba alingane. Utoto nthawi zina katswiri amatha kuupala n'kubwezera bukulo ku buluu, ngakhale giredi imatsika. Koma pepala lodulidwa silimeranso, ndipo mawu akuti trimmed amakhala pa lebulo mpaka kalekale. Selotepi payokha saiwerengera ngati kukonza, amaiona ngati chilema, komabe musaike. Pakapita zaka guluu wake amalowerera n'kusiya banga lofiirira. Ndipo ngati ilipo kale musaimatule, ichoka ndi inki. Za lamineti, zomwe timakonda kuchita ndi masatifiketi athu, ndiye kuliika m'manda bukulo.

Mtengo umagwa bwanji? Palibe lamulo limodzi, koma si zachilendo kuti buku la pepo ligulidwe theka la mtengo wa lomwelo la buluu, kapena kutsikirapo. Zimatengera kusowa kwake. Detective Comics nambala 27 ya mu 1939, yoyamba ya Batman, makope ake ndi ochepa moti ngakhale lokonzedwa anthu amalimbirana. Koma buku la m'ma 1970 lomwe a buluu alipo ambiri, wogula amangodutsa la pepo n'kupita kwa mnzanu. Chifukwa chake n'chosavuta: munthu akulipirira pepala ndi inki za chaka chimenecho, zimene zapulumuka zokha. Inki ya maka ya mwana wanga angaigule yekha ku shopu.

Nkhani ya ku Elbow Lake, Minnesota, imandikhazika mtima pansi. Mu 2013 bambo wina akugumula khoma la nyumba yakale anapeza Action Comics nambala 1 pakati pa manyuzipepala omwe anatsekera mphepo. Polimbirana ndi wachibale, chikuto chakumbuyo chinang'ambika. Akatswiri anati kung'ambikako kunadya madola 75,000. Sanalimate. Linapita pa okishoni lili choncho, giredi 1.5, ndipo linagulidwa madola 175,000.

Pali zinthu ziwiri zimene a CGC saziwerengera ngati kukonza: kupsinja bukulo ndi makina kuti makwinya awongoke, ndi kupukuta litsiro popanda madzi. Izi zimatha kukweza giredi lebulo n'kukhalabe ya buluu. Koma mukamva zimenezi musathamangire simbi yositira. Makinawo amayendera kutentha ndi chinyontho choyezedwa, ndipo simbi ya m'nyumba imawaula chikuto. Palinso lebulo ya Conserved ya mabuku amene katswiri wangowateteza kuti asapitirire kuwonongeka, monga kusintha timawaya ta dzimbiri. Msika umailandira bwino kuposa pepo, koma imeneyonso ndi ntchito ya amisiri.

Ngati ndinu wogula, chitani zimene wogulitsa uja anandichita. Yang'anani mkati mwa chikuto. Walitsani katochi ka UV m'chipinda chamdima, guluu ndi utoto wina zimawala mosiyana ndi pepala. Yerekezani kukula kwake ndi buku lina la chaka chomwecho. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kupeza mtengo ndi kugulitsa

Musatengere mtengo umene anthu akuitanira pa eBay, aliyense akhoza kulemba za kumaloto ake. Sefani kuti muone okhawo amene anagulidwadi, a giredi yofanana ndi lanu. Mawebusaiti a GoCollect ndi GPAnalysis amasunga mitengo ya mabuku a mu slab, ndipo buku la mitengo la Overstreet, lomwe lakhala likutuluka kuyambira 1970, limathandiza kudziwa nambala zofunika. Podziyezera nokha giredi, tsitsani ndi masitepe awiri. Tonsefe mwana wathu timamuona wokongola.

Kutumiza ku CGC kumalipiritsa, kuphatikiza positi ndi inshuwalansi, ndipo chindapusa chimakwera buku likakhala lamtengo. Buku la mapaundi 30 silikufunika slab. Tumizani lokhalo limene mtengo wake ukhoza kumeza zolipirazo kangapo. Wogulitsa wa m'shopu amakupatsani ndalama pompo koma zochepa, chifukwa nayenso akufuna phindu. A okishoni amadula gawo lawo ndipo mumadikira miyezi. Funsani anthu awiri kapena atatu musanavomere. Ndipo ngati mukudziwa kuti bukulo linakonzedwa, nenani. Wogula akalitumiza ku giredi n'kubwera la pepo, adzafuna ndalama zake inu mutazitumiza kale kumudzi.

Ku Britain kumbukirani kuti kuyambira 2024, eBay ndi anzake amapereka maina ku HMRC, bungwe lotolera misonkho, munthu akagulitsa zinthu 30 kapena kuposa pachaka, kapena ndalama zikafika pafupifupi mapaundi 1,700. Kugulitsa katundu wanu wakale si bizinesi, koma kugula n'cholinga chogulitsa ndi bizinesi, ndipo zolowa zikapitirira mapaundi 1,000 pachaka muyenera kulembetsa ku HMRC. Amene muli pa viza ya sukulu samalani kwambiri, chifukwa simuloledwa kuchita bizinesi yanuyanu.

Podikira, buku lililonse likhale m'kathumba kake ka pulasitiki ndi kakatoni kopanda asidi kumbuyo, zomwe amagulitsa m'mashopu a makomiki. Aimikeni m'bokosi, kutali ndi dzuwa ndi hita, osati m'siling'i kapena m'galaja. Musawamange ndi malabala. Maganizo oti muwaike mu kontena apite kumudzi akasungidwe kwa amayi asiyeni. Chinyontho cha dzinja, mphemvu ndi chiswe zidzawamaliza musanabwere pa holide, ndipo ogula ake ali konkuno.

Langa lija sindinagulitse. Ndinafunsa katswiri ngati angachotse makayo, anati inalowerera kwambiri moti angafunike kuboola pepala pa malo onse asanu ndi limodzi. Lili m'kathumba kake mu wadiropu, ndipo mwana amene ndinamubwereka maka uja ndi amene amaliwerenga.