Kuyeza BP Molondola m'Wodi

Inu ophunzira a Malawi College of Health Sciences amene mukuphunzira ntchito pachipatala chachikulu cha Zomba, musathamangire kuyeza BP wodwala akangofika, makamaka agogo amene ayenda pansi kuchokera ku Chinamwali. Apatseni mpando apume mphindi 5, atatsamira, osapingasa miyendo.

Mangani lamba wa makina pamkono wopanda malaya, pamwamba pa chigongono, mkonowo utagona patebulo molingana ndi mtima. Lamba wochepa pamkono wonenepa amakweza manambala, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Popani mpweya, kenako muutulutse pang'onopang'ono, manambala a pamakina azitsika ndi 2 mmHg (muyezo wa BP) pa sekondi, mukumvetsera kugunda kwa mtsempha ndi stethoscope (chipangizo chomvetsera cha m'makutu). Kugunda koyamba ndiyo nambala yapamwamba, pamene kwazimiririka ndiyo yapansi. Mukapeza 140/90 kapena kuposa, yezaninso pakapita mphindi zingapo.