Mmene Mungakonzekerere Mpikisano Wofulula Masese ku Zomba

Ngati gulu lanu la ofulula mowa likukonza mpikisano wosankha katswiri wa chaka, yambani ndi chimera, pakuti ndicho chimapatsa masese kukoma kwake. Viikani mawere m'madzi, muwafunditse mpaka atamera, kenaka muwayanike padzuwa kufikira atauma gwaa musanakagayitse. Phala la ufa wa chimanga lizizireko kaye musanathiremo chimera, chifukwa likatentha kwambiri limapha mphamvu yake.

Kumbukiraninso kuti mu Juni ndi Julayi, pamene mphepo yozizira imatsika kuphiri la Zomba, mowa umachedwa kupsa, choncho fululani mofulumirirako. Oweruza alawe mowawo m'zipanda zotsuka bwino, osauzidwa mwini wake, ndipo aone fungo, kulemera ndi kuwawasa kwake.