Batire lakufa lili pakhonde: momwe mungatetezere ana ku poizoni wa mtovu

Mukayenda m'midzi ya ku Bembeke, Linthipe kapena Lobi m'boma la Dedza, nyumba zambiri masiku ano zili ndi kasola padenga ndi batire pansi. Batirelo likatopa silitayidwa kutali. Limakhala pakhonde, ana nkumakhalira ngati mpando, kenaka wina amaliswa kuti aone ngati muli chogulitsa. Mkati mwake muli mtovu, chitsulo cholemera, chofewa, chotuwira. Fumbi lake likalowa m'thupi la mwana limawononga ubongo, ndipo zomwe lawononga sizibwerera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe ungatchedwe wabwinobwino.

Choyamba, yenderani pakhomo panu ndi maso atsopano

Yambani ndi mabatire a galimoto, a njinga yamoto ndi a sola. Loopsa kwenikweni ndi losweka, lotsegulidwa, kapena lomwe wina anasungunula zamkati mwake pamoto. Utsi wa mtovu wosungunuka umapumidwa, ndipo wotsala umagwera m'dothi momwe ukhoza kukhala zaka zambirimbiri osawola. Chigoba cha batire si chomwera nkhuku, si chosungiramo madzi ngakhale mutachitsuka kangati.

Kenaka penti. Ena opanga penti ya mafuta amathiramo mtovu kuti iwale ndi kuuma msanga, makamaka yachikasu ndi yofiira. Zaka zapitazi bungwe lolimbana ndi poizoni wa mtovu la LEEP litayeza penti yogulitsidwa m'Malawi muno linapeza mtovu wochuluka mu ina mwa iyo, ndipo a Malawi Bureau of Standards anayamba kulondola opanga pentiwo. Koma khomo, zenera kapena benchi yomwe inapakidwa kalekale idakali ndi penti yakale ija. Ikayamba kusupuka, tizidutswa take timagwera pomwe mwana akukwawa.

Yang'ananinso kukhitchini. Mapoto ena amaumbidwa ndi zitsulo zakale zosungunula, za mainjini ndi zina zotero, ndipo mtovu umatha kusakanikirana nazo. Chimodzimodzi chidebe kapena poto womatidwa pobooka ndi chitsulo cha m'batire. Zakudya zowawasa monga thobwa ndi ndiwo za matimati ambiri ndizo zimakoka mtovu kwambiri, makamaka zikagonera m'chiwiyacho.

Pensulo ya mwana wasukulu isakudetseni nkhawa, chakuda chili mkati muja si mtovu. Petulo nayenso anasiya kuthiridwa mtovu kuno kum'mwera kwa Sahara pofika 2006.

Chachiwiri, muyang'anitsitseni mwanayo

Apa ndi povuta, chifukwa ana ambiri omwe ali ndi mtovu m'thupi saoneka odwala. Amasewera, amadya, koma mutu ukubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Mwana amachedwa kuyankhula, sagwira za m'kalasi, sakhazikika, amapsa mtima msanga. Makolo nkumati ndi wamakani kapena ndi mbuli, mwinanso kumukwapula kumene. Mu 2020 a UNICEF ndi bungwe lolimbana ndi kuipitsidwa kwa chilengedwe la Pure Earth anawerengera kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi ali ndi mtovu wofika ma microgram 5 kapena kuposa pa decilitre imodzi ya magazi. Ambiri mwa iwo palibe anawayezapo.

Mtovu ukachuluka, zizindikiro zimayamba kuoneka: kupweteka m'mimba kobwerezabwereza, kudzimbidwa, kukana chakudya, kusanza, kufooka, ndi kuchepa magazi moti zikhatho ndi mkati mwa zikope mumayera. Mwana yemwe anayamba kuyenda kapena kutchula mawu akhoza kusiya. Zikafika poipitsitsa amagona tulo tosadzutsika, amakomoka ngati wakhunyu, ndipo akhoza kumwalira. Kwa akuluakulu, makamaka okonza mabatire, owotcherera ndi opala penti, kumakhala litsipa, BP yokwera, vuto la impso, dzanzi m'manja, nthawi zina dzanja kulendewera osatha kulidzutsa. Amayi amatha kupita padera kapena kubereka masiku asanakwane.

Mwaona kuti zambiri mwa izi zikufanana ndi malungo kapena njoka za m'mimba. Ndiye mwana akayezedwa malungo osapezeka, mankhwala a njoka wamwa, koma m'mimba simukuleka ndipo magazi akucheperachepera, kumbukirani batire lija. Kumbukiraninso ngati ana angapo osewerera bwalo limodzi akudwala mofanana, kapena nkhuku ndi abakha a pamalopo akufa mosadziwika bwino. Ku Zamfara, m'dziko la Nigeria, mu 2010 anthu ankaphwanyira pakhomo miyala ya golide yomwe inali ndi mtovu, ndipo ana oposa 400 anamwalira.

N'chifukwa chiyani ana? Chilichonse amaika m'kamwa, amakhala pansi pomwe pali fumbi, ndipo matupi awo amayamwa mtovu kanayi kapena kasanu kuposa a munthu wamkulu.

Chachitatu, pitani kuchipatala ndipo mukanene zomwe mukuganizira

Mwana wokomoka kapena wosadzuka ndi wothamanga naye nthawi yomweyo. Ngati zizindikiro ndi zapang'onopang'ono, yambirani kuchipatala chapafupi kapena kwa alangizi a zaumoyo, omwe angakutumizeni kuchipatala cha boma ku Dedza, mwinanso mpaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Musangoti mwana akumva m'mimba. Nenani kuti, "Adokotala, bambo ake amakonza mabatire pakhomo," kapena "ndinamupeza akutafuna penti." Mawu amenewo ndiwo angatsegule maso a dokotala. Chotsimikizira chenicheni ndi kuyeza mtovu m'magazi, osati kungomuyang'ana mwana.

Malangizo a WHO a 2021 amati mlingo wa mtovu m'magazi ukafika ma microgram 5 aja, gwero la mtovulo lifufuzidwe ndi kuchotsedwa. Ukafika 45 mwa mwana wamng'ono, pamafunika mankhwala omwe amagwira mtovu m'magazi nkuutulutsa kudzera mu mkodzo, monga succimer kapena calcium EDTA. Awa ndi opereka dokotala yekha. Amatsitsa mtovu ndi kupulumutsa moyo, koma sabwezeretsa nzeru zomwe zatayika, ndipo mwana akabwerera pabwalo lomwe lija, ntchito yonse yapita m'madzi.

Pali chikhulupiriro pakati pa amisiri chakuti ukamwa mkaka poweruka, poizoni watha. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma sutsuka mtovu. Mankhwala otsegula m'mimba kapena osanzitsa angomufooketsa mwana. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo, mtovu umatsala momwemo.

Chachinayi, konzani pakhomo

Batire lakufa likabwezeni kwa ogula mabatire akale lili lathunthu, losatsegula. Pomwe linaswekera palani dothi lapamwamba, mutalinyowetsa kaye, mukalikwirire kutali ndi chitsime, dimba ndi posewerera ana, ndipo pamalopo muthirepo dothi lina kapena muzirepo. Musaseseko pouma. Wazani madzi, m'nyumba ya simenti kolopani, mazenera pukutani ndi kansalu konyowa. M'miyezi ya mphepo ndi fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, chitani izi pafupipafupi.

Penti yakale musaipale youma kapena kuiwotcha. Nyowetsani, yalani pepala la pulasitiki pansi, ana ndi amayi oyembekezera akhale kutali. Pogula yatsopano funsani yolembedwa kuti ilibe mtovu. Penti yosungunula ndi madzi kawirikawiri imakhala yabwinoko pankhaniyi kuposa ya mafuta.

Abambo ogwira ntchito ya mabatire, zovala za kuntchito zitsale kuntchito kapena zichapidwe pazokha. Sambani musananyamule mwana, ndipo musadyere kapena kusutira fodya pogwirira ntchito. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye, osati kungoviika m'beseni limodzi banja lonse.

Chakudya chimathandizanso, chifukwa mimba yopanda kanthu ndi thupi losowa ayironi kapena kashiamu zimayamwa mtovu wambiri. Mwana asapite kosewera osadya phala. Usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yake, nyemba, bonongwe, chisoso, nkhwani, mazira, kuonjezerapo magwafa, malalanje kapena malambe, zonsezi zimapezeka pa Lizulu kapena pa Chimbiya popanda kuboola thumba.

Amayi oyembekezera, chenjerani ndi dothi lija mumalakalaka kudya. Mtovu umadutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wosabadwa, ndipo ngakhale womwe unabisala m'mafupa zaka zapitazo umatha kutuluka nthawi ya pakati. Chilakolako cha dothi nthawi zambiri chimayenda ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi, choncho kauzeni anamwino kusikelo, ndipo mapiritsi owonjezera magazi omwe amakupatsani aja muzimwa tsiku lililonse mpaka atatha.