Banki ikapempha lisiti la malonda olipiridwa ndi khadi

Inu eni malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, komanso amalonda nonse amene muli ndi makina a POS olipirira ndi khadi, dziwani kuti nkhani ya malonda siithera pamene makina atulutsa lisiti. Mwini khadi ya Visa kapena Mastercard amakhala ndi masiku pafupifupi 120 oti akadandaule ku banki yake akaona pa sitetimenti ndalama zimene sakuzikumbukira. Banki yakeyo ingathe kufunsa banki yanu, yanunso n'kukulemberani kupempha lisiti. Apa ndalama zanu sizinachotsedwe ayi, akungofuna umboni.

Si nthawi zonse pamene wodandaulayo amakhala wachinyengo. Mlendo amakumbukira dzina la pa chikwangwani, pamene pa sitetimenti patuluka dzina limene munalembetsa ku banki, ndiye akaona lisiti lomveka bwino nkhani imathera pomwepo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kasungidwe ka malisiti. Pepala la makinawa silisindikizidwa ndi inki koma ndi kutentha, choncho likakhala padzuwa, pafupi ndi khitchini kapena m'dirowa yotentha m'mwezi wa Okutobala, zilembo zimafufutika n'kutsala pepala losawerengeka. Selotepi nayo imawononga zilembozo. Jambulani lisiti lililonse ndi foni tsiku lomwelo, lenilenilo muliike mu envulopu ya mweziwo pamalo ozizira, ndipo musataye isanakwane miyezi 13, kapena nthawi imene pangano lanu ndi banki likunena ngati ndi yotalikirapo.

Poyankha, onetsetsani kuti tsiku, ndalama, manambala anayi omaliza a khadi ndi nambala yovomereza malondawo zikuwerengeka. Phatikizanipo invoyisi, tsamba la buku la alendo pamene mlendoyo anasaina, ndi malamulo anu a kabwezedwe ka ndalama ngati anawaona asanalipire. Nambala yonse ya khadi kapena manambala atatu a kumbuyo kwa khadiyo musalembe paliponse.

Kalata ya banki imatchula tsiku lomaliza kuyankha. Mukalidumpha, ndalama zingathe kuchotsedwa mu akaunti yanu n'kubwezedwa kwa mwini khadi, chimene a banki amachitcha chargeback, ngakhale mlendoyo anagonadi ndi kudya kwa inu. Sankhani wantchito mmodzi woti aziona imelo imene munapereka ku banki tsiku lililonse, ndipo akatumiza umboniwo aimbe foni kuti atsimikize kuti wafika.