Tisiyirane odwala pa bedi, osati pakhomo la wodi

Ndikamayendera anamwino ndi azamba m'zipatala za kuno ku Mchinji, ndinasiya kuyamba ndi kupempha maregista. Regista munthu amatha kuikonza usiku akamva kuti mawa kubwera alendo ochokera ku Boma. Masiku ano ndimafika chakumadzulo, n'kukhala pabenchi pamodzi ndi magadiyani, kudikira kuti wa masana aweruke, wa usiku alowe. Mphindi zochepa zimenezo zimandiuza zambiri za chipatalacho kuposa mafayilo a chaka chathunthu.

Nthawi zambiri zimayenda chonchi. Wa masana chikwama chili kale paphewa, wa kabaza akumudikira pageti. Akumana pakhomo. "Asisi, onse ali bwinobwino, koma mayi wa bedi lakumapeto uja mumuone." Makiyi a kabati ya mankhwala asintha thumba, basi wapita. Wotsalayo walandira anthu odzaza wodi, sakudziwa kuti mwa mayi uja aonemo chiyani, ndipo akhala nawo yekha mpaka kuche.

Sindikunyoza munthu. Tilipo ochepa, ena mwagwira masana n'kupitiriza lokamu, ganyu ya maola owonjezera, ena kunyumba kuli mwana woyamwa. Koma wodwala amene wasiyidwa pakhomo chonchi amakhala kanthawi alibe mwini. Wopitayo akuti ndapereka, wolowayo sakudziwa chimene walandira. Zinthu zikavuta, aliyense amakhala ndi chifukwa chomveka, pamene munthu ali m'bokosi.

Choncho lipoti tiziperekera pa bedi. Nonse awiri, fayilo m'manja, bedi ndi bedi. Muyambe ndi odwala kwambiri, osati amene ali pafupi ndi khomo. Mukafika, perekani moni kwa wodwala ndi gadiyani wake, ndipo wopitayo anene momveka kuti, "Mayi, ine ndikuweruka, usiku uno akusamalirani ndi awa." Mawu amenewa ndi ochepa koma amagwira ntchito. Gadiyani akaona chachilendo 2 koloko usiku, amadziwa nkhope yoti aidzutse, ndipo sachita mantha kugogoda.

Wopereka lipoti anene wodwalayo ndani, anabwera ndi chiyani, walandira chiyani ndipo nthawi yanji, chatsala n'chiyani, ndi chimene chikumudetsa nkhawa iyeyo. Chomalizachi musachisiye. Mawu oti "mwanayu sakundisangalatsa, akugona kwambiri kusiyana ndi m'mawa" sapezeka pa tchati, koma ndi amene amapulumutsa ana.

Wolandira asangomvetsera ngati ali m'tchalitchi. Agwire. Aone ngati dripu ikudontha komanso ngati dzanja latupa pamene pali kanyula. Mayi amene wangochira, vundukulani chitenje muone nokha kuchuluka kwa magazi, mugwire pamimba ngati chiberekero chalimba. Mnzanu akakuuzani kuti "akutaya pang'ono", pang'ono pakeyo mwina ndi wosiyana ndi wanu, ndipo kutaya koopsa kofika 500 ml sikuchedwa kufika mayi atagona chete osadandaula. Funsani zonse mnzanu asanatuluke pageti, poti netiweki ya kwathu kuno mukuidziwa. Safunsa anadya phula.

Ndiime pang'ono pa nkhani ya nthawi, chifukwa apa ndi pamene timagwa kwambiri. Miyezi ya mvula, kuyambira Januwale mpaka Epulo, ana a malungo aakulu amadzaza. Jakisoni wa artesunate amaperekedwa mwana akangofika, kenako pakatha maola 12, kenakonso pa maola 24. Ngati woyamba anabayidwa 3 koloko masana, wachiwiri ndi wa 3 koloko usiku, nthawi imene namwino ali yekha, tulo tili m'maso, mwina ali ku leba. Mukangolemba kuti "wapatsidwa" popanda ola, mnzanuyo adzangoganizira, ndipo kawirikawiri amaganizira kuti udikire m'mawa.

Magnesium sulphate, mankhwala oletsa kugwedezeka ngati wakhunyu kwa mayi woyembekezera, ndiye safuna masewera n'komwe. Mayi wa BP yokwera amene walandira mlingo woyamba amafunika 5 g ina pa maola anayi alionse, koma musanabaye muyenera kuwerenga kupuma kwake kuti sikunatsike kuchepera 16 pa mphindi, kugogoda bondo kuona ngati mwendo ukudumpha, ndi kuona kuti mkodzo ukutuluka wosachepera 30 ml pa ola. Wolandira shifiti adziwe ola limene mlingo wapitawo unaperekedwa, thako limene linabayidwa, ndi pamene pali calcium gluconate, mankhwala othetsa mphamvu ya magnesium, ngati zinthu zitatembenuka. Kumuuza kuti "ali pa magnesium" n'kuchoka, kuli ngati kumusiyira galimoto yoyenda osamuonetsa buleki.

Nkhani ya BP imandikumbutsa cholakwa changa, ndipo ndimaifotokoza kulikonse kumene ndapita ngakhale imandichititsa manyazi. Ndili wamng'ono pantchito, pa chipatala china chakumudzi, usiku wina ndinali ndekha ndi amayi awiri ku leba. Panali mtsikana wa mimba yoyamba amene ankadikira, wooneka wamphamvu, akucheza ndi apongozi ake. Nthawi yoyeza inadutsa ndili kwina. Kutatsala pang'ono kucha ndinaona mpata pa tchati chake, ndinachita manyazi kuusiya, ndinalembapo 120/80 osamuyeza. M'mawa ndinapereka lipoti pakhomo, n'kupita kukagona. Chisanafike chakudya chamasana mtsikana uja anayamba kugwedezeka thupi lonse ngati wakhunyu. Mnzanga wa masana anali atawerenga nambala yanga yabodza ija, n'kumuika kumapeto kwa mzere. Anapulumuka, iye ndi mwana yemwe, koma osati chifukwa cha ine. Pambuyo pake apongozi ake anati mtsikanayo anadandaula mutu usiku wonse. Tikanaima pa bedi lake m'mawa muja, akanatiuza.

Mpata pa tchati umauza mnzako kuti apa sipanayezedwe, yeza msanga. Nambala yopeka imamuuza kuti pita kwina, kuno kuli mtendere. N'chifukwa chake ndimati ngati simunayeze, siyani pomwepo, kapena lembani kuti sizinatheke ndi chifukwa chake. Mukalemba mochedwa, lembani ola lenileni limene mukulemba. Mukalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi woti mawu akalewo aziwerengeka, musayinire pambali. Zofufuta ndi zomata ayi.

Partograph, tchati cholembapo mmene kubereka kukuyendera, nayonso timaichita zomwezo. Ndaona ambiri okongola, mizere yowongoka bwino, kugunda kwa mtima wa mwana 140 kuyambira pamwamba mpaka pansi, inki imodzi, dzanja limodzi, ngakhale kuti pakati pake shifiti inasintha. Ameneyo anadzazidwa mwana atabadwa kale. Pepala limenelija analipanga kuti likuchenjezeni zinthu zikuchitika: mtima wa mwana kumvetsera pa mphindi 30 zilizonse, njira kuyeza pa maola anayi, ndipo mzere wa kutseguka kwa njira ukadutsa mzere wochenjeza wa papepalapo, pa chipatala chaching'ono ndi nthawi yoyamba kuitana ambulansi. Kuchokera ku Mkanda kapena ku Kapiri kukafika pa Boma ndi ulendo, makamaka mvula ikagwa, ndipo ngati pafunika kupitirira mpaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndiye makilomita ena opitirira 100. Maola anayi apakati pa mzere wochenjeza ndi mzere wochitapo kanthu ndi a msewu umenewo. Mukawadyera pa bedi, mayi adzafika mochedwa.

Kutumiza wodwala nakonso ndi kusiyirana. Imbani foni kumene akupita ambulansi isananyamuke, kalata ikhale ndi maola a mankhwala onse amene mwapereka, partograph ipite naye limodzi. Odwala ena amachokera kutsidya kwa malire, mbali ya ku Zambia, alibe buku la kuchipatala lathu lino. Kwa iwowo kalata yanuyo ndiyo mbiri yawo yonse.

Za kabati ya DDA, yokhomeramo mankhwala amphamvu oletsa ululu, sindichulukitsa. Pethidine ndi morphine muziwerenga nonse awiri, botolo ndi botolo, n'kusayina nonse. Osalandira makiyi musanawerenge, ngakhale wokupatsaniyo ndi mnzanu wa pa mpingo. Tsiku limene nambala idzasiyane, wofunsidwa ndi amene makiyi ali m'thumba mwake.

Tsopano kwa inu ma in-charge, oyang'anira mawodi. Zonse ndanenazi zimaima kapena kugwa chifukwa cha inu. Ngati inuyo mumafika lipoti litatha, anamwino anu adzaliona ngati mwambo wopanda ntchito. Fikani msanga, imani nawo pa bedi, funsani mafunso, koma osati ofuna kugwetsa munthu pamaso pa odwala. Tsiku lija ine ndinalemba BP yabodza, asisita amene ankatiyang'anira sanandikalipire m'wodi. Anadikira kuti mtsikana uja akhazikike, ananditengera mu ofesi, anatseka chitseko, n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Mwanawe, unayeza?" Ndinati ayi. Anandiuza kuti ndilembe ndekha zimene zinachitika, mmene zinachitikira, ndipo nkhaniyo anaipititsa kumene inayenera kupita, sanaikwirire. Koma m'lipoti lawo analembamonso kuti usiku umenewo namwino anali mmodzi pa amayi awiri obereka ndi wodi yonse. Mlungu wotsatira anasintha rosita kuti wina azigona pafupi, woti n'kudzutsidwa.

Mtsogoleri wongokalipa amaphunzitsa anthu kubisa, ndipo m'wodi yake matchati amakhala oyera kwambiri. Wongosekerera naye amawononga, poti anamwino ake amaona kuti chilichonse chimadutsa. Asisita aja sanali mbali iliyonse mwa ziwirizi, ndipo sindinapekenso nambala kuchokera tsiku limenelo.

Mzimu womwewo ndi umene umafunika pa zokambirana za imfa za amayi oyembekezera. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 439 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Imfa iliyonse yotere imayenera kuunikidwa, ndipo cholinga chake si kupeza woti apachikidwe. Boma lathu lino lili ndi mbiri pa nkhaniyi: pulojekiti ya MaiMwana inayesera kuno njira yoti anthu akumudzi nawonso azikhala pansi kuunika imfa za amayi pamodzi ndi achipatala. Koma kuunikako kumadalira zolembedwa. Ngati fayilo yadzaza nambala zokonza, mudzakhala tsiku lonse kukambirana nkhani imene sinachitike, chimene chinapha mayiyo n'kutsala chikudikira wina.

Musaiwale kuti dzina limene mumasayina lili m'kaundula wa Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo likugwira ntchito pansi pa lamulo la anamwino ndi azamba la 1995. Ndi limene limakupatsani chilolezo, limafuna mapointi a CPD, a maphunziro owonjezera a pantchito, pokonzanso chilolezocho, ndipo lili ndi mphamvu yokuimitsani. Dandaulo likafika kumeneko, kapena kwa ombudsman, wolandira madandaulo a odwala pachipatala, kapena ku komiti ya chipatala imene muli mafumu ndi anthu a m'mudzi, chokuimirani ndi zimene munalemba pa nthawi yake. Namwino amene analemba kuti "ndaitana ambulansi 11:20, ndaitananso 12:05, akuti mafuta palibe, ndadziwitsa akuluakulu" ali pabwino kuposa amene anachita zonsezo koma osalemba. Kusowa kwa zipangizo nakonso kuzilembedwa. Makina a BP akafa, lembani m'buku la lipoti tsiku lililonse mpaka wina atope nako kuwerenga.

Ophunzira amene amabwera kudzaphunzira ntchito kuchokera ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ku Malawi College of Health Sciences kapena ku makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, muziwaimika kutsogolo pa nthawi ya lipoti, osati kumbuyo atanyamula mafayilo. Mupatseni wodwala mmodzi kapena awiri kuti apereke yekha inu muli pomwepo. Akaphonya mukonze mwaulemu. Koma kumbukirani kuti chimene wophunzira wachita, woyankha ndinu. Kumusiyira wodi n'kupita kumsika wa pa Kamwendo si kumuphunzitsa.

Pali chinthu chimodzi choti musamale nacho pa lipoti la pa bedi. Mawodi athu ndi otseguka, mabedi ali pafupipafupi, ndipo gadiyani wa bedi loyandikana mwina ndi wa mudzi womwewo. Za HIV, za mimba imene yachoka, za kumenyedwa kunyumba, musazitchule pamenepo. Lozani ndi chala pa fayilo, kapena mukauzane mu ofesi mukamaliza kuzungulira. Mawu akatuluka m'wodi amakafika kumudzi wodwala asanatulutsidwe, ndipo mayi ameneyo mimba yotsatira sadzabweranso kuchipatala. Musatchulenso munthu ndi matenda ake kapena nambala ya bedi iye akumva. Ali ndi dzina, ndipo ambiri mwa iwo ndi msinkhu wa amayi athu.

Ena mudzati nthawi palibe. Ndayesapo ndi wotchi: wodi ya pa chipatala chaching'ono, mukazolowera, simupitirira mphindi makumi awiri, poti odwala amene akupeza bwino mumangodutsa ndi mawu awiri. Chimene chimadya nthawi ndi kuchedwa kwa wolandira. Gwirizanani pa msonkhano wa wodi kuti wolowa azifika mphindi 15 nthawi isanakwane, ndipo in-charge akhale woyamba kusunga panganolo.

Nanga wokulandirani akapanda kubwera? Musachoke. Imbirani in-charge, akapanda kuyankha imbirani ofesi ya anamwino ku Boma, lembani m'buku ola limene mwaimba ndi amene mwalankhula naye. Ngati mwatopa moti manja akunjenjemera, nenani zimenezo momveka kuti apeze wina, ndipo maola owonjezerawo alembedwe kuti mudzabwezeredwe. Makiyi musasiyire mlonda kapena wokolopa, ngakhale atakhala kuti wagwira pamenepo zaka zambiri kuposa inu.